Waipitsa Nyanja ya Mfumu Ndani?

Kuli dziko lina limene simungalipeze pa mapu, poti munthu amene anayesa kulijambula anamangidwa chifukwa cholijambula laling'ono. Dzina lake ndi Palibevuto. Lili m'mphepete mwa nyanja ya mchere, ndipo m'masiku a nkhani yathuyi linkalamulidwa ndi Mfumu Sinditsutsika, imene pa mayina ake onse aulemu inkakonda kwambiri lakuti Mwininyanja.

Ku Palibevuto chinthu chilichonse chachikulu chinkachitidwa ndi Mfumu. Mvula ikagwa bwino, wailesi inkathokoza Mfumu. Nangumi akadutsa pafupi ndi doko, ankati wabwera kudzalonjera Mfumu. Mayi wina atabereka ana atatu nthawi imodzi, wailesi inathokozanso Mfumu, mwamuna wa mayiyo n'kungoti kukamwa yasa.

Koma zoipa nazo zimachitika, ngakhale ku Palibevuto, ndipo zoipazo zinali ndi mwini wake. Mwini wakeyo anali Lufeyo Kachingwe, Nduna Yovomera.

Musaseke, unali udindo weniweni, wa jekete ndi nyumba ya malata. Mfumu inkakonda nyemba ndi mazira owiritsa, ndipo paja mimba sidziwa kuti ili m'thupi la yani. Koma lamulo loyamba la dzikolo linkati Mfumu siipitsa mpweya. Tsono m'bwalo mukamveka kaphokoso kochokera cha kumpando wachifumu, kapena mphuno za nduna zikayamba kukwinyika popanda phokoso lililonse, Lufeyo ankadzuka, n'kuwomba m'manja mwaulemu, n'kunena mawu amodzi okha: "Ndine." Mfumu inkamukhudza paphewa ndi litchowa n'kumuuza kuti asadzabwerezenso, milandu n'kupitirira.

Udindowu anaulandira kwa malume ake, amene anamwalira ndi mbiri yoti anali munthu wa m'mimba mosakhazikika, chonsecho m'moyo mwawo nyemba sankazikhudza n'komwe. M'manja mwa Lufeyo ntchitoyo inakula. Mlatho wa pamtsinje waukulu utagwa, Lufeyo anati ndine. Mankhwala atasowa m'zipatala, Lufeyo anati ndine. Litchowa paphewa, basi, nkhani yatha. Anthu a mumzinda mpaka anaiwala zoti munthuyu ndi Kachingwe, ankangomutcha a Ndine.

Iye sizinkamuvuta kwenikweni. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Zinadzayamba kumuvuta pamene mtima wake unagwera Nachisale, mayi wamasiye wogulitsa nkhanu pa Msika wa Nong'onezani. Mayiyu anali wa pakamwa pakuthwa, wosadziwa kunong'ona ngakhale ankagulitsa pamsika wa dzina limenelo. Lufeyo anamufunsira, anakanidwa, anafunsiranso, anakanidwanso, mpaka tsiku lina Nachisale anatopa n'kumuuza kuti, "Chabwino, ankhoswe anu abwere Loweruka likudzali tidzawamve." Lufeyo anabwerera kunyumba akuimba nyimbo za kutchalitchi zimene ngakhale iye sankadziwa kuti amazidziwa.

Sabata yomweyo m'pamene sitima inabwera ndi tsoka.

Sitima yapamadzi imeneyi inali yoyezera nyanja. Mfumu inaigula chifukwa inamva kuti mfumu ya dziko loyandikana nalo, la Tikuposani, ili nayo yake. Itaigula inasowa chochita nayo, choncho inaipereka kwa Dokotala Nangondo, mayi amene anaphunzira za madzi a m'nyanja, n'kumulamula kuti akayeze nyanja ndi kudzauza bwalo kuti ndi yabwino kuposa ya ku Tikuposani. Dokotala anamva mbali yoyamba ya lamulolo. Mbali yachiwiri inamudutsa, poti anthu okhalitsa pakati pa makina makutu awo amaiwala kamvedwe ka kubwalo.

Atabwerako anagwada pamaso pa Mfumu, n'kuyamba kufotokoza za mpweya wa kaboni wosungunuka m'madzi. Ataona kuti nduna zayamba kusinza, anaganiza zofewetsa mawu. Anakumbukira dzina limene ana a sukulu amautchula mpweyawo.

"Mwachidule, Mwininyanja," anatero Dokotala, "m'nyanja yanu muli mpweya woipa. Ndi wambiri, ndipo ukuwonjezeka."

Bwalo lonse linangoti zii.

Kuti mumvetse kuti zii ameneyu anachokera kuti, muyenera kudziwa kuti Mfumu inkasamba m'nyanja m'mawa uliwonse, yokhayokha, pagombe limene munthu wina aliyense sankaloledwa kupondapo. Ndipo ku Palibevuto, monganso kwathu kuno, mawu akuti mpweya woipa amakumbutsa anthu chinthu chimodzi chokha. Nduna zinayang'ana Mfumu, zinachita mantha, zinayang'ana denga, kenaka maso onse anatsikira pa Lufeyo.

Maondo a Lufeyo anali atayamba kale kuwongoka okha, chizolowezi chake, manja akupita kokawomba. Koma a Chikometsa, Nduna ya Nkhani Zabwino Zokhazokha, anamugwira jekete.

"Khalani kaye pansi, a Kachingwe. Iyi si nkhani ya litchowa ayi," anatero a Chikometsa. Kenaka anatembenukira kumpando wachifumu. "Mwininyanja, mpweya wa m'bwalo umatha ndi mphepo. Koma uwu walowa m'nyanja yanu. Lamulo likuti woipitsa nyanja ya Mfumu apite kuchilumba cha Musandidikire, ndipo asadzabwerenso. Nkhani yaikulu chotere siyenera kuthera m'chipinda. Lachisanu kuli Tsiku Lothokoza Mfumu Chifukwa cha Nyanja. A Kachingwe adzavomere padoko, pamaso pa mtundu wonse, bwato lowatengera kuchilumba lili pomwepo."

Mfumu inagwedeza mutu, nkhope ili gwa. "Ndipo ayambe wakwera sitimayo akaone yekha zimene wachita," inatero. "Sindifuna kuvomera kwa chimbulimbuli."

Lachisanu. Ankhoswe Loweruka. Lufeyo anatuluka m'bwalomo kulowera kumsika.

Nkhani inafika kumsika iye asanafike. Pa Nong'onezani nkhani zimayenda msanga chifukwa chonong'ona chimakoma kubwereza.

"A Ndine, mwatichimwira!" anakuwa wogulitsa mchere. "Tinkati mcherewu ukumveka mwachilendo, kani ndinu?"

"Asiyeni," anayankha mayi wa tomato. "Ifetu tiziyamika. Mlatho anagwetsa okha, mankhwala anamwa okha, lero nyanja. Dziko lino likadakhala ndi anthu awiri olimbikira ntchito chonchi, bwenzi titapita kumwezi."

Msika unafa ndi phwete. Nachisale yekha ndiye sanaseke. Anali atakhala kuseri kwa beseni lake la nkhanu, ndipo Lufeyo atafika sanamupatse n'komwe mpando.

"Gwirani apa," anatero Nachisale, akumupatsira nkhanu imodzi.

Lufeyo anadina chigoba chake ndi chala. Chinabonyoka.

"Ndili mtsikana, nkhanu ya pagombe lino tinkaiswa ndi mwala," anatero Nachisale. "Lero nazi, zigoba ngati za mazira, ndipo zazing'ono zikufa zisanakule. Ndakhala ndikudabwa kuti chalowa m'madzimu n'chiyani. Tsono kwapezeka munthu mmodzi woti wachiona chinthucho, inu mukufuna mukachikwirire ndi ndine wanuyo?"

"Ndi ntchito, a Nachisale."

"Ntchito! Mukavomera, nkhani yatha, makina awatseka, inu ulendo wa ku Musandidikire. Ndiye mundimvetse bwino, a Kachingwe. Ndinaika kale mwamuna mmodzi m'manda. Sindikhala pagombe kudikira wachiwiri wamoyo amene anadzitaya yekha chifukwa cha mimba ya munthu wina."

"Tsitsani mawu!" ananong'ona Lufeyo, akuyang'ana uku ndi uku. "Nanga ndikakana? Mfumu ifunsa kuti ndi yani, ndipo wosamba m'nyanja muja ndi mmodzi. Kukana kwanga n'kuiloza chala. Pamenepo ndiye si chilumba ayi, ndi chingwe."

"Mutu muli nawo, kauganizireni," anatero Nachisale. "Mukanena mawu amenewo Lachisanu, ankhoswe anu asavutike n'kuchapa malaya."

M'mawa mwake Lufeyo anakwera sitima. Munthu wa Mulungu anali asanakwerepo ngakhale bwato, ndipo sitima itangotuluka padoko, m'mimba mwake munayamba msonkhano. Dokotala Nangondo anamupeza atakumbatira chitsulo cha m'mbali, maso ali psuu.

"Pepani, a Kachingwe," anatero Dokotala. Nkhope yake inali ya munthu wosagona. "Ine ndinkangofuna kuti andimve msanga. Sindinadziwe kuti mawu awiri aja angathamangitse munthu m'dziko."

"Mayi, kubwalo safewetsa mawu. Amawalimbitsa mpaka asamveke," anayankha Lufeyo. "Tandionetsani tchimo langali."

Dokotala anamutengera m'kachipinda ka m'mimba mwa sitima, kodzaza mapaipi ndi mawaya. Anamuonetsa paipi yochokera pansi pa sitima, imene pampu inkakokeramo madzi a m'nyanja sitima ikuyenda. Madziwo ankagwera m'chibotolo chachikulu chagalasi, chotseka bwino, akuwazika ngati a m'shawa.

"Mpweya umene tikufunawu wabisala m'madzi, ngati mmene umabisalira m'chakumwa cha m'botolo chija chimachita thovu mukachitsegula," anafotokoza Dokotala. "Madzi akamawazika chonchi, amagawana mpweya wawo ndi mpweya wa m'chibotolomu mpaka ziwirizi zitalingana. Zikalingana, ndiye kuti mpweya wa m'chibotolo ukunena zimene madzi akudziwa. Timautenga, timauchotsa chinyezi, n'kuudutsitsa m'bokosi ili. M'menemu muli kuwala kumene maso sangaone. Mpweya wa kaboni umameza kuwalako. Ukakhala wambiri, kuwala kofika mbali inayo kumachepa, ndipo makina amajambula mzere uwu."

Analoza galasi la kompyuta. Mzere wobiriwira unkayenda pang'onopang'ono, ukugwedera ngati njira ya nyerere.

"Uwu ndi wa lero. Uwu pansipa ndi umene anthu a sitima zina anapeza kuno kalekale. Mwaona mmene wakwerera?"

Lufeyo anaona. Anayang'ana kukhomo, anaona kuti kulibe munthu, n'kutsitsa mawu.

"Mayi, inu ndi ine ndife ana a dziko limodzi. Kabatani kotsitsira mzerewu kalipo ndithu. Makina onse amene ndinawaonapo kubwalo ali nako."

Dokotala anaseka koyamba. Anamuonetsa masilinda achitsulo atatali omangiriridwa kukhoma.

"M'menemu muli mpweya umene kuchuluka kwake n'kodziwika kale, wina wochepa, wina wambiri. Pakapita kanthawi makinawa amasiya nyanja n'kununkhiza masilindawa, kuti aone ngati akunenabe zoona. Akapeza kuti asokera, amadziwongola."

"Ndiye kuti amadzifunsa okha ngati akunama?"

"Eya."

"Popanda wowakakamiza?"

"Popanda."

"Abiseni, mayi," anatero Lufeyo ndi mtima wonse. "A Chikometsa akadziwa, awatsekera."

Kenaka Dokotala anazula kapaipi kena kakang'ono, n'kumuuza kuti auzire mpweya m'menemo. Lufeyo anauzira pang'ono chabe. Mayo! Mzere uja unalumpha mpaka pamwamba pa galasi. Lufeyo anabwerera chafutambuyo n'kugunda masilinda, thukuta lili kamukamu.

"Kalanga ine! Kani ndinedi?"

"Ndinu, ndine, ndi mbuzi, ndi aliyense wopuma," anatero Dokotala, akupukuta misozi ya kuseka. "Umatuluka m'mphuno ndi m'kamwa, a Kachingwe, osati kumene bwalo likuganiza. Ngakhale Mfumu imautulutsa."

"Zimenezo sindinamve."

"Koma wa kupuma si umene wadzaza nyanja. Wadzaza nyanja ndi wa utsi. Malasha, mafuta, nkhalango zotenthedwa. Utsi ukakwera kumwamba, nyanja imameza mpweya wake, ndipo madzi amayamba kuwawasa pang'onopang'ono ngati thobwa logona. Lilime lanu silingamve, koma nkhanu ndi nkhono zimamva, chifukwa zigoba zawo zimavuta kulimba m'madzi otere."

"Utsi wa yani?"

"Wambiri ndi wa maiko akuluakulu akutali. Koma wathu nawo ulimo." Dokotala analoza pazenera. Kumtunda kunkaoneka chiboliboli cha Mfumu, chachitali kuposa phiri la pambali pake, ndi ng'anjo za malasha zimene zinkayaka usana wonse kuti magetsi a pachibolibolicho asazime ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Pansi pake pankadutsa mdipiti wa galimoto za Mfumu, umene mutu wake unkafika kunyumba yachifumu mchira usananyamuke.

Lufeyo anakhala pa ndowa yovundikira. Sitima inkapita, madzi ankawazika m'chibotolo, mzere sunkatsika. Anayenda mpaka mtunda unasowa, mzere uli pomwepo.

"Ndiye kuti mpweyawu uli ponseponse?" anafunsa.

"Kuyambira pagombe mpaka kumene sitima ino singafike."

"Munthu mmodzi angathe kuudzaza chonchi?"

"Ngakhale anthu onse a ku Palibevuto atamadya nyemba kuyambira kubadwa mpaka kufa, sangafike ngakhale pa kachigawo kake. Ndi chinthu chachikulu kwambiri, a Kachingwe. Chachikulu koopsa."

"Chachikulu," anabwereza Lufeyo. Kenaka anafunsa ngati m'sitimamo muli tiyi, poti m'mimba muja msonkhano unali utabalalika.

Lachisanu doko linadzaza. Ana a sukulu anabwera ndi mbendera, amayi ndi nsalu za nkhope ya Mfumu, asodzi ndi nkhope zawozawo. Sitima yoyezera nyanja inaima pamenepo itavekedwa maluwa, galasi la kompyuta atalitulutsa panja kuti mtundu uone umboni. Pambali pake panali kabwato ka ku Musandidikire, wopalasa wake akuyasamula. Lufeyo anamuona Nachisale kumbuyo kwa gulu, manja atapinda pachifuwa.

A Chikometsa analankhula mpaka mithunzi inasuntha. Anathokoza Mfumu chifukwa chothira mchere m'nyanja mosapyoza muyeso. Anaithokoza chifukwa cholamula mafunde kuti azibwera n'kubwerera, osangobwera kokha. Anati maiko ena ali ndi nyanja zongonyowa, koma ya ku Palibevuto ndi yonyowa mwadongosolo. Atafika pa nkhani ya tsikulo anatsitsa mawu, n'kunena kuti mdani wa chitukuko walowa m'madzi.

Mfumu inaimirira, litchowa m'manja.

"Waipitsa nyanja yanga ndani?"

Lufeyo anadzuka. Anawomba m'manja mwaulemu monga mwa masiku onse. Wopalasa bwato anayamba kumasula chingwe.

"Zikomo, Mwininyanja," anatero Lufeyo. "Pakamwa panga m'pokonzeka, mawu aja ali pamlomo. Koma ndisanawatulutse, ndiloleni ndinene mantha anga, poti kapolo wobisa mantha amagwetsa mbuye wake. Ndakwera sitima monga munalamulira. Ndaona ndi maso angawa. Mpweya umenewu wayambira pagombe pano mpaka kumene dzuwa limatulukira. A Dokotala akuti anthu onse a dziko lino, atasonkhana pamodzi ndi miphika yawo yonse ya nyemba, sangafike ngakhale pa kachigawo kake. Chiyambire dziko, palibe munthu anachitapo chinthu chachikulu chotere."

Mfumu inatsitsa litchowa pang'ono.

"Tsono ndikati ndine," anapitiriza Lufeyo, "mawa wailesi ya ku Tikuposani idzalengeza kuti munthu wamphamvu kuposa onse ku Palibevuto ndi Kachingwe. Adzati Kachingwe anadzaza nyanja yekha. Ana adzaimba za Kachingwe posewera. Alendo akadzafika padoko pano adzaloza chiboliboli chija n'kufunsa kuti, kodi a Kachingwe aja ndi amenewa? Ine ndine munthu wamng'ono, ulemu woterewu ungandithyole msana. Koma ngati Mwininyanja walola kuti ukhale wanga, ndivomera pompano."

Anatsegula pakamwa.

"Tseka!" inabangula Mfumu.

Inatsika pansanja, n'kumuzungulira Lufeyo ikumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, makamaka cha pakati.

"Iwe? Ndi kamimba kako aka? Udzaze nyanja yanga iwe? Unayamba wasambamo liti?" Inatembenukira kwa anthu, chifuwa chili patsogolo. "Tamverani, mtundu wanga! Amasamba m'nyanja muno m'mawa uliwonse ndani? Ali ndi mphamvu zofika kumene dzuwa limatulukira ndani? Pasapezeke wina wondibera. Ndine! Ndati ndine!"

Abale inu, doko lonse linangoti chete, moti munkamva madzi akumenya sitima. Amayi analuma nsalu. Asilikali anayang'ana nsapato zawo, mapewa akugwedezeka. Msodzi wina wokalamba ananena chapansipansi, koma mphepo inanyamula mawu ake: "Ife a kumunsi kwa mphepo tinkadziwa kale."

A Chikometsa, amene nkhope yawo inali itatuwa, anapeza njira msanga, paja anali katswiri. Anakuwa kuti ng'oma zilire. Analengeza kuti kuyambira tsiku limenelo mawu akuti mpweya woipa aletsedwa m'masukulu onse, ndipo dzina lake latsopano ndi Mpweya Wachifumu. Lamulo la ku Musandidikire linafufutidwa pomwepo. Wopalasa bwato anamanganso chingwe chake, n'kupita kukaonera magule.

Lufeyo anamva ngati amutula thumba la mchere. Mfumu inamuuza kuti avule jekete, poti udindo wa Nduna Yovomera watha. Inati yazindikira kuti munthuyu wakhala akudzitengera zinthu zambiri, ngakhale mlatho uja unagwa sunali waung'ono. Lufeyo anavula jeketeyo mosangalala, n'kuyamba kufunafuna Nachisale ndi maso.

Koma Mfumu inali isanamalize. Inayandikira galasi la kompyuta, n'kuyang'ana mzere wobiriwira uja mwachikondi.

"Dokotala, nanga a ku Tikuposani? Mzere wawo uli pati?"

Dokotala Nangondo anayang'ana Lufeyo, anayang'ana pansi. Mayi uja kunama sankakutha, anali ngati makina ake.

"Pafupi ndi doko lawo ndi wokwererako pang'ono, Mwininyanja. Ali ndi mafakitale ambiri. Koma kukwera kwa mzerewu si chinthu chonyadira ayi, chifukwa nkhanu…"

"Wokwererako?" Maso a Mfumu anatuzuka. "Kuposa wanga?"

Lamulo linatuluka ng'oma zisanazizire. Ng'anjo za malasha ziwonjezedwe. Chiboliboli chachiwiri chimangidwe, cha magetsi ambiri kuposa choyamba. Galimoto za mdipiti zisamazimitsidwe ngakhale zitaima. Sitima iziyeza tsiku ndi tsiku mpaka mzere wa Palibevuto utapitirira wa Tikuposani. Anthu anawomba m'manja, poti asilikali anali atasiya kuyang'ana nsapato.

Loweruka m'mawa Lufeyo analawirira ku Nong'onezani, atavala malaya wamba. Msika unamulandira ndi nthungululu. Wa mchere anamutcha Kachingwe koyamba chibadwire. Mayi wa tomato anamuninkha tomato wosaphwanyika. Kumtunda utsi unali utayamba kale kukhuthala, wakuda bii, ukutsetsereka kulowera kunyanja, koma Lufeyo sanauyang'ane. Anafika pa beseni la nkhanu mano onse ali pamtunda.

"Mawu aja sindinawanene, a Nachisale! Mwaona? Sindinanene!"

"Ndinaona," anatero Nachisale. Sanamwetulire. Ankasankha nkhanu, zolimbako uku, zobonyoka uku, ndipo mulu wa zobonyoka ndiwo unali waukulu. "Munalankhula bwino. Khosi lanu mwaliwombola. Tayang'anani uko."

Lufeyo anayang'ana utsi uja.

"Dzana ng'anjo zinali zochepa, ndipo nkhanu zanga zinali chonchi," anatero Nachisale. "Chaka chamawa ndidzagulitsa chiyani? Mfumu ija inkachita manyazi ndi mpweya umenewu. Manyazi okhawo ndiwo akadatithandiza. Lero ikuunyadira. Tandiuzani, a Kachingwe, anaiphunzitsa kuunyadira ndani?"

Lufeyo anafuna kunena kuti ndi a Chikometsa. Anafuna kunena kuti ndi Dokotala, amene sakadayankha za ku Tikuposani. Anafuna kunena kuti ndi maiko akutali aja. Anayang'ana uku ndi uku, ngati mmene nduna zinkachitira m'bwalo, kufuna munthu woti adzuke m'malo mwake. Panalibe. Manyazi anamugwira, enieni, otentha m'makutu. Mawu amene anawanena kwa zaka zambiri osamva kanthu anatuluka aang'ono.

"Ndine."

Nachisale anasiya nkhanu. Anakoka kampando kamene kanali kuseri kwa beseni n'kukakankhira kwa iye ndi phazi.

"Khalani pansi. Ankhoswe anu abwere madzulo ano, ndauza kale achimwene," anatero. "Koma Lolemba mulawirire kusitima. A Dokotala ali ndi makina onena zoona, chimene alibe ndi munthu wodziwa khomo lolowera m'mutu mwa Mfumu. Munaikweza ndinu, mukaitsitse ndinu. Ndipo mudziwiretu, a Kachingwe, m'nyumba mwanga mulibe litchowa. Woipitsa mpweya amadzuka yekha n'kukatsegula zenera."